KUWAWA POKODZA: MUSABISE, KAYEZETSENI MKODZO

Uthenga kwa ogwira ntchito m'migodi ndi mabanja awo

Kodi mukumva kuwawa kapena kuwotcha pokodza? Kodi mukupita kokataya madzi pafupipafupi koma mkodzo ukungotuluka pang'ono? N'kutheka kuti muli ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Kuchipatala mudzamva anamwino akuwatchula mwachidule kuti UTI.

Matendawa amachizika. Munthu akalandira mankhwala oyenera msanga, amayamba kupeza bwino pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Koma akawalekerera, amatha kukwera mpaka ku impso ndi kulowa m'magazi. Zikafika pamenepo moyo umakhala pachiswe.

Ife ogwira ntchito zaumoyo m'zipatala za pamgodi timaona kuti ambiri amabwera mochedwa. Ena amachita manyazi. Ena amaopa kujomba shifiti n'kutaya bonasi. Ena amangoti ndi chinzonono, n'kukagula makapisozi kumsika. Chonsecho pali matenda angapo amene amayambitsa kuwawa pokodza, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala akeake. Njira yodziwira amene mukudwala ndi kupimidwa ndi kuyezetsa mkodzo.

Mukawerenga kapepala kano, kasungeni. Popita ku tchuthi katengeni kuti a kunyumba akawerengenso.

KODI MATENDAWA AMAYAMBA BWANJI?

Munthu ali ndi impso ziwiri. Zili kumsana, m'munsi mwa nthiti, ina kumanja ina kumanzere. Ntchito yake ndi kusefa magazi ndi kupanga mkodzo. Mkodzowo umatsika kudzera m'timachubu tiwiri n'kukasungidwa m'chikhodzodzo. Kuchokera m'chikhodzodzo umatuluka kunja kudzera m'njira ya mkodzo.

Matenda amayamba tizilombo totchedwa mabakiteriya tikalowa m'njirayi kuchokera kunja. Nthawi zambiri ndi kachilombo kotchedwa E. coli, kamene kamakhala m'matumbo a munthu aliyense ndipo kamatuluka ndi chimbudzi. M'matumbo sikavuta. Koma kakalowa m'chikhodzodzo kamaswana n'kuyambitsa zilonda m'kati. Kakapanda kuphedwa kamakwera mpaka ku impso.

Amayi ndiwo amadwala matendawa kawirikawiri chifukwa njira yawo ya mkodzo ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, ndipo ili pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Ya abambo ndi yaitali, pafupifupi masentimita 20. Pafupifupi theka la amayi onse amadwalako matendawa pa moyo wawo. Kwa abambo osafika zaka 50 sachitikachitika. N'chifukwa chake bambo akadwala, achipatala amafuna kudziwa chimene chayambitsa.

KODI NTCHITO YA MU MGODI IKUKHUDZANA BWANJI NDI MATENDAWA?

Nthawi zonse pamene mukodza, mkodzo umatsuka njira yake n'kutulutsa tizilombo tisanaswane. Chilichonse chochepetsa mkodzo kapena chouchedwetsa kutuluka chimapereka mpata kwa tizilombo. Mu mgodi zinthu zotere zilipo zingapo:

• Kutentha. Mgodi ukamazama, thanthwe limatentha. Mu mgodi wa golide wa Mponeng, pafupi ndi Carletonville, umene ndi wakuya pafupifupi makilomita 4, thanthwe limafika madigiri 60, ndipo mpweya amachita kuuziziritsa kuti anthu athe kugwira ntchito. Munthu wogwira ntchito yolemetsa pamalo otentha amatha kutaya madzi oposa lita imodzi pa ola kudzera m'thukuta. Akapanda kumwa madzi okwanira, mkodzo umachepa ndipo umada.

• Kusunga mkodzo. Chimbudzi chimatha kukhala kutali ndi pamene mukukumba. Ena amadikira mpaka chikepe chiwatulutse kunja.

• Kudzimana madzi. Amayi ambiri tsopano akugwira ntchito pansi. Ku South Africa lamulo linawalola kutero mu 1996. Poona kuti chimbudzi chili kutali, mwina n'chauve, ndipo ovololo ndi yovuta kuvula, ena amasiya dala kumwa madzi kuti asamve mkodzo. Khalidweli ndi loopsa ku chikhodzodzo ndi impso.

• Mowa poweruka. Mowa umachotsa madzi m'thupi. Amene wagona ataledzera amalowa shifiti ya m'mawa thupi lili louma kale.

Palinso anthu amene matendawa amawagwira mosavuta: odwala matenda a shuga, amene chitetezo cha m'thupi chatsika chifukwa cha HIV, amene ali ndi miyala mu impso, abambo achikulire amene kachiwalo kotchedwa prostate kakula n'kupanikiza njira ya mkodzo, ndi amene anaikidwa kachubu kotulutsira mkodzo atavulala msana.

ZIZINDIKIRO ZA MATENDA A M'CHIKHODZODZO

• Kuwawa kapena kuwotcha pokodza
• Kukodza pafupipafupi, usiku womwe, koma pang'onopang'ono
• Kumva mkodzo mwadzidzidzi moti n'kovuta kuupirira
• Kumva ngati mkodzo watsalira mutangomaliza kukodza
• Kupweteka pachinena, m'munsi mwa mchombo
• Mkodzo wambuu, wonunkha kwambiri kapena wosakanikirana ndi magazi

Mukaona zizindikiro zimenezi pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Abambo musayese kudikira kuti zitha zokha.

ZIZINDIKIRO ZOOPSA: PITANI KUCHIPATALA NTHAWI YOMWEYO

• Kutentha thupi ndi kunjenjemera
• Kupweteka kumsana kapena m'mbali, m'munsi mwa nthiti
• Nseru ndi kusanza, moti madzi kapena mapiritsi sakukhazikika m'mimba
• Kufooka kwambiri, chizungulire, kupuma mofulumira kapena kusokonezeka mutu
• Kulephereratu kukodza chikhodzodzo chili chodzaza
• Kutupa ndi kupweteka kwa machende
• Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka ndi kuphwanya kwa minofu mutagwira ntchito yolemetsa pamalo otentha

Ngati muli ndi chimodzi mwa zizindikiro izi, musalowe mu mgodi. Munthu amene thupi latentha kale akapita pamalo otentha amatha kukomoka. Zikakuyambani muli pansi, uzani kapitawo kuti akutulutseni. Mukaona mnzanu wa m'chipinda chimodzi ku hositelo akunjenjemera ndipo akulankhula zosamveka, musamusiye kuti agone. Mutengereni kuchipatala ngakhale ndi usiku.

Kutentha thupi ndi kunjenjemera ndi zizindikironso za malungo. Ngati mwangobwera kumene kuchokera ku Malawi, Zambia, Mozambique kapena dera lina la malungo, auzeni achipatala kuti ayeze magazi ndi mkodzo womwe.

SI KUWAWA KONSE POKODZA KUMENE KULI UTI

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Taonani matenda ena amene amafanana nawo.

1. Matenda opatsirana pogonana. Kwa bambo wachinyamata, kuwotcha pokodza nthawi zambiri kumabwera ndi chinzonono kapena matenda ena otchedwa chlamydia. Chizindikiro chachikulu ndi mafinya kapena timadzi totuluka kumaliseche, makamaka m'mawa. Chinzonono chimaonekera pakatha masiku ochepa mutagonana popanda kondomu. Chlamydia imatha kutenga sabata imodzi mpaka zitatu. Amayi ambiri amakhala ndi matendawa osaona chizindikiro chilichonse. Mankhwala ake ndi jakisoni ndi mapiritsi, ndipo aliyense amene mwagona naye ayenera kulandiranso mankhwala. Mukapanda kutero mudzangopatsirananso.

2. Likodzo. Ngati magazi akutuluka ndi madontho omaliza a mkodzo, ganizirani za likodzo. Timatenga likodzo posamba, kuchapa, kuwedza kapena kulima m'madzi mmene muli nkhono zosunga tizilombo take, monga m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, ku Chilwa, m'chigwa cha Shire ndi cha Zambezi, m'madambo ndi m'minda ya mpunga. Magaziwo amatha kuyamba patapita miyezi mutachoka kumudzi. Namwino wa ku Rustenburg kapena eMalahleni sangadziwe kumene munasamba mukapanda kumuuza. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu. Makapisozi a UTI sapha likodzo. Likodzo likakhalitsa zaka zambiri limawononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo limatha kuyambitsa khansa ya m'chikhodzodzo.

3. Miyala mu impso. Ululu wake ndi woopsa. Umayambira m'mbali mwa msana n'kutsikira kumaliseche, umabwera n'kumapita, ndipo munthu amasowa pogwira. Mumkodzo mumatha kukhala magazi. Vutoli limakonda anthu otuluka thukuta kwambiri koma omwa madzi ochepa.

4. TB ya mu impso ndi m'chikhodzodzo. TB ndi yofala pakati pa anthu a m'migodi, ndipo sigwira mapapo okha. Ngati vuto la mkodzo likungobwerabwera ngakhale mwamaliza mankhwala, auzeni achipatala ngati munadwalapo TB kapena anakupezani ndi matenda a fumbi m'mapapo.

5. Mankhwala a TB. Mmodzi mwa mankhwala a TB, rifampicin, amasintha mkodzo, thukuta ndi misozi kukhala zofiirira ngati lalanje. Amenewa si magazi ndipo si matenda. Musasiye kumwa mankhwala. Koma ngati maso asanduka achikasu, mukusanza kapena m'mimba mukupweteka, bwerani kuchipatala tsiku lomwelo.

KUCHIPATALA MUKAYEMBEKEZERE CHIYANI?

Namwino adzakufunsani kuti vutoli linayamba liti, ngati pali mafinya, ngati thupi likutentha, kumene mwayenda posachedwa, mankhwala amene mukumwa, ndi za kugonana. Yankhani zoona. Sakufuna kukuweruzani. Akufuna kusankha mankhwala oyenera. Ngati munamwa kale makapisozi kapena mankhwala azitsamba, nenani, ndipo ngati n'kotheka bwerani ndi paketi yake.

Ngati chinenero chikukuvutani, bwerani ndi mnzanu amene mumamukhulupirira, kapena lozani zizindikiro zanu pa kapepala kano.

Adzakupatsani kabotolo koti muikemo mkodzo. Chitani motere:

1. Sambani m'manja ndi sopo.
2. Tsukani kumaliseche ndi madzi oyera. Abambo osadulidwa abweze khungu la kunsonga.
3. Yambani kukodzera m'chimbudzi.
4. Tchingirani kabotolo mkodzo uli pakati, osagwira m'kati mwake.
5. Malizirani m'chimbudzi, tsekani kabotolo ndi kukapereka nthawi yomweyo.

Namwino amaviika kapepala kapadera mumkodzomo ndipo zotsatira zimadziwika pa mphindi zochepa. Nthawi zina mkodzo umatumizidwa ku labotale kuti akaone mtundu wa kachilombo ndi mankhwala amene angakaphe. Zotsatira zimenezi zimatenga masiku awiri kapena atatu. Musaiwale kubwerera kukazimva. Akhozanso kukuyezani shuga ndi kukulangizani zoyezetsa HIV.

Za matenda anu ndi chinsinsi cha inu ndi achipatala. Ku South Africa, lamulo la Mine Health and Safety Act la 1996 limalamula kuti zolembedwa za kupimidwa kwanu zisungidwe mwachinsinsi. Ngati mukufunika kupuma, pemphani kalata ya kuchipatala yokapereka kuntchito.

MANKHWALA

UTI imachizidwa ndi mankhwala opha mabakiteriya. Mtundu wake ndi masiku omwera zimadalira amene akudwala ndi pamene matenda afika.

• Mayi amene si woyembekezera, ngati matenda ali m'chikhodzodzo mokha, amalandira mankhwala a masiku ochepa, monga nitrofurantoin kwa masiku 5. Zipatala zina zimapereka mankhwala omwa kamodzi kapena jakisoni mmodzi.
• Bambo amamwa mankhwala kwa masiku osachepera 7. Ngati matenda alowa mu prostate, amamwa kwa masabata angapo.
• Matenda akafika ku impso pamafunika mankhwala amphamvu. Wodwala amene akusanza kapena wafooka amagonekedwa kuti alandire jakisoni ndi diripi.

Potsatira mankhwala:

• Imwani pa nthawi yake ndipo malizani masiku onse amene mwauzidwa, ngakhale mutapeza bwino. Ngati nthawi yomwera ikukupezani muli pansi, tengani mapiritsi pamodzi ndi kamba wanu.
• Nitrofurantoin imwani ndi chakudya. Imatha kudetsa mkodzo pang'ono. Zimenezi zisakudetseni nkhawa.
• Ngati mwapatsidwa ciprofloxacin, musamwere mkaka kapena kumwa pamodzi ndi mankhwala a chilungulira. Zimenezi zimachepetsa mphamvu yake.
• Pochepetsa ululu, munthu wamkulu atha kumwa Panado muwiri, osapitirira kanayi pa tsiku. Pewani Brufen ndi Indocid ngati thupi lauma, ngati mukuganizira impso, kapena ngati muli woyembekezera.
• Imwani madzi ambiri ndipo siyani mowa mpaka mutachira.
• Ngati pakatha masiku awiri simukusintha, kapena matenda akukula, bwererani kuchipatala.

MUSAGULE MAKAPISOZI PAMSIKA

Makapisozi awiri kapena atatu ogula pamsika kapena opatsidwa ndi mnzanu amatha kuziziritsa ululu, koma sapha tizilombo tonse. Totsalato timazolowera mankhwalawo, ndipo matenda akabweranso mankhwala aja sagwiranso ntchito. Kale Bactrim ndi amoxicillin ankachiza bwino matendawa. Lero m'maiko athu ano E. coli wambiri samvanso mankhwala amenewa. Ngati mumamwa Bactrim tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV, pitirizani, koma dziwani kuti mutha kudwalabe UTI ndipo mudzafunika mankhwala ena.

Kumwa makapisozi musanayezetse kumasokonezanso zotsatira za ku labotale. Samalaninso ndi mankhwala a m'mabotolo amene amati amatsuka impso kapena chikhodzodzo. Simudziwa zimene aikamo, ndipo ena amawononga impso zomwezo.

UTHENGA KWA A KUNYUMBA

Bambo ndi mayi. Kawirikawiri mayi amayamba kumva kuwotcha pokodza patangopita tsiku limodzi kapena awiri bambo atafika pa tchuthi. Pamenepa m'nyumba mumabuka mkangano. Mayi amati bambo abweretsa matenda a kumgodi. Bambo amati mayi amayenda ndi wina iwo kulibe. Dziwani kuti pogonana, tizilombo ta pakhungu la mayi yemweyo timakankhidwira m'njira ya mkodzo, makamaka ngati papita miyezi yambiri musanakhalire limodzi. Zimenezi zimachitika ngakhale nonse muli okhulupirika. UTI si umboni wa chiwerewere. Koma popeza zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, pitani limodzi kuchipatala. Ndi bwino kumva zotsatira kwa namwino kusiyana ndi kulozana zala.

Amayi oyembekezera. Mayi woyembekezera amatha kukhala ndi tizilombo mumkodzo osamva chilichonse. Tikapanda kuchizidwa timakwera ku impso, ndipo mwana amatha kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi. Yambani sikelo msanga ndipo pemphani kuti akuyezeni mkodzo. Musamwe mankhwala amene bambo abwera nawo kuchokera kumgodi. Ena, monga ciprofloxacin, saperekedwa kwa mayi woyembekezera.

Ana. Mwana wamng'ono sangathe kunena kuti akumva kuwawa. Onani ngati thupi likutentha, akusanza, akukana kuyamwa, akulira pokodza, kapena wayambanso kukodza pogona atasiya kale. Ngati ayeza malungo osawapeza koma thupi likutenthabe, funsani za mkodzo. Khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi, thamangirani nalo kuchipatala.

Okalamba. Agogo akayamba mwadzidzidzi kusokonezeka, kugwa kapena kudzikodzera, musathamangire kunena kuti ndi ukalamba kapena alodzedwa. Apimitseni. Bambo wachikulire amene mkodzo ukutuluka mofooka, kapena amadzuka kangapo usiku, akapimitse prostate.

MMENE MUNGAPEWERE

• Imwani madzi musanalowe mu mgodi. Pamalo otentha imwani kapu imodzi mphindi 20 zilizonse. Musadikire ludzu.
• Yang'anani mkodzo wanu. Ukakhala wachikasu chowala, madzi akukwana. Ukada, onjezerani madzi.
• Kodzani musanakwere chikepe, ndipo musasunge mkodzo nthawi yaitali.
• Ngati kumalo anu antchito kulibe madzi akumwa kapena chimbudzi chaukhondo, uzani woimira antchito pa zaumoyo ndi chitetezo, kapena a bungwe la antchito.
• Sambani poweruka ndipo sinthani zovala zam'kati tsiku lililonse. Abambo osadulidwa atsuke pansi pa khungu la kunsonga.
• Amayi, podzipukuta kuchimbudzi yambirani kutsogolo kupita kumbuyo. Kodzani mukatha kugonana. Musaike sopo, zitsamba kapena mankhwala oumitsa m'kati mwa maliseche.
• Gwiritsani ntchito kondomu kuti mupewe chinzonono, chlamydia ndi HIV.
• Ngati muli ndi shuga kapena HIV, imwani mankhwala anu mokhulupirika. Popita ku tchuthi tengani okwanira ulendo wonse.
• Paulendo wautali wa basi wopita kumudzi musadzimane madzi. Tsikani mukakodze pamene basi yaima.

MAFUNSO AMENE AMBIRI AMAFUNSA

*Kodi ndingachotsedwe ntchito chifukwa cha UTI?*
UTI yochizidwa msanga imatha pa masiku ochepa ndipo munthu amabwerera kuntchito. Chimene chingakulepheretseni kugwira ntchito mpaka kalekale ndi impso zowonongeka chifukwa chochedwa.

*Kodi madzi ambiri paokha angachize?*
Madzi amathandiza, ndipo kwa amayi ena vuto laling'ono limatha lokha. Koma kwa bambo, mayi woyembekezera, mwana, wodwala shuga kapena aliyense amene thupi latentha, pamafunika mankhwala a kuchipatala.

*Kodi mkazi wanga amwenso mankhwala ine ndikapezeka ndi UTI?*
Ngati ndi UTI yokha, ayi. Ngati ndi matenda opatsirana pogonana, inde, ngakhale iye asakumva chilichonse. Ngati ali kumudzi, muuzeni apite kuchipatala cha kufupi, ndipo mufunse namwino kalata yoti mumutumizire.

*Matendawa akungobwerabwera. Nditani?*
Bambo akadwala kachiwiri, kapena mayi akadwala kawiri pa miyezi 6 kapena katatu pa chaka, pamafunika kufufuza mozama. Pemphani kuti mkodzo upite ku labotale ndi kuti akuyezeni shuga, likodzo, miyala ndi prostate.

KUMBUKIRANI

• Kuwawa pokodza kuli ndi zoyambitsa zingapo. Kayezetseni.
• Kutentha thupi ndi kupweteka kumsana ndi chizindikiro choti matenda afika ku impso. Musalowe mu mgodi.
• Malizani mankhwala onse. Musagawire mnzanu.
• Magazi mumkodzo si chinthu chozolowera. Nenani kumene munasamba.
• UTI si chifukwa chothetsera banja.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Namwino sangadziwe vuto lanu mukapanda kubwera. Pitani ku chipatala cha pamgodi kapena chipatala chilichonse cha boma chimene muli nacho pafupi.